Anakumeta Ndani?

Ukwati wanga unatsala pang'ono kutha chifukwa cha tsitsi, ndipo si tsitsi la pamutu ayi. Ine amene ndadyera tsitsi moyo wanga wonse, mwini kasaluni ka malata ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, ndinakhazikidwa pamphasa pamaso pa akuluakulu chifukwa cha tsitsi limene munthu saonetsa ngakhale amake. Choseketsa n'chakuti tsitsilo kunalibe. Mlandu wonse unali womwewo, wakuti kunalibe.

Alangizi adzandikwiyira kuti ndaulula za m'chipinda, koma pofika lero Kafue yense anazimva kale, ndipo sanazimve kwa ine. Ndisanakwatiwe, makolo anga, amene anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, anandipereka kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuti andilange. Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu omveka tsidya la msewu ngakhale akunong'ona. Anandiphunzitsa zambiri, zina zoti pepala lingapse nditazilemba. Pomaliza anandipatsa kambale koyera kachitsulo, kaleza ndi kansalu.

"Mvela bwino," anatero. "Ku khwapa na ku nsi kwa amuna ako ni munda wako. Kwako ni munda wao. Iwe ugela iwo, iwo agela iwe. Ukazigela weka osawauza, ni mlandu. Akakupeza wogela-gela, ninshi kuli wina amene alima."

Ndinaseka. Anandimenya ndi kansalu kaja pamutu.

Amuna anga amawotcherera zitsulo kufakitale ya feteleza. Ndi munthu wamanyazi kuposa mkamwini watsopano. Kabudula wamkati sagula okha, amatuma ine, ndipo ndikabwera naye amalandira akuyang'ana kudenga. Koma mwambo wa kambale anaugwira ngati lamulo la chipewa cholimba kuntchito kwawo. Loweruka la kumapeto kwa mwezi, masana, ankatseka chitseko, kuika madzi ofunda, n'kuyamba ntchito lilime lili panja. Sanandichekepo ngakhale kamodzi. Ine ndinawachekapo kangapo, ine wa saluni.

Patapita zaka ndinaima. Mwana anabadwa bwino, wamkazi, wolira ngati wabwera ndi madandaulo. Koma magazi sanafune kuleka. Zimene ndimakumbukira n'zochepa: anamwino akuthamanga, wina akundikanya pamimba ndi manja onse awiri, ndi kuzizira kumene kunayambira kuzala za kumapazi kukwera. Nditatsegula maso ndinaona thumba la magazi a munthu wina likulendewera pamwamba panga, ndi amuna anga pampando, maso ali psuu. Ndinawauza kuti akadzaona ndayamba kulakalaka nyama ya pusi, adziwe kuti magaziwo anali a azimbuya athu Abemba, amene timawaseka kuti amadya apusi. Sanaseke. Anangondigwira phazi.

Tinabwerera kunyumba tikuyesa kuti zatha. Choyamba kusowa unali mkaka. Anandimwetsa maheu, munkoyo, tiyi, anandidyetsa chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, mpaka ndinayamba kuchiona kutulo, koma mabere anangokhala lende ngati matumba a malaya. Mwana anakulira mkaka wa m'chitini. Ku Nangongwe, mkazi wowonda amene sayamwitsa safunsidwa funso, anthu amakhala atayankha kale. Moni wa anansi unasintha, unakhala wachifundo kwambiri. Tinapita kukayezetsa kachilombo tonse awiri, osapezeka kanthu. Tinabwerezanso, chimodzimodzi. Koma pakamwa pa anthu palibe chivindikiro.

Kenaka kuzizidwa. Mwezi wa Okutobala, pamene phula la msewu wa ku Lusaka limafewa ndipo agalu amagona pansi pa maminibasi, ine ndinkavala juzi. Kumwezi sindinapitenso. Kutopa ndiye kunali kosaneneka. Tsiku lina kasitomala anatembenuka kuti aone chifukwa chake mutu wake sukukokedwanso, n'kundipeza ndikuwodzera, meshi ili m'manja. Chimfine chimene anzanga amapita nacho kumsika chinkandigoneka ine mpaka sabata kutha. Mwana akayetsemula, wogona ankakhala mayi wake. Kukiliniki ankandiyeza malungo, osawapeza, n'kundiuza kuti magazi ndi ochepa, ndidye masamba. Sindiwaimba mlandu. Munthu ukapita ndi chifuwa umanena za chifuwa, sunena za mkaka wa chaka chatha.

Za m'chipinda nazo ndinalibe nazo ntchito. Amuna anga akandikhudza paphewa, ndinkamva ngati andipempha kuti ndikatunge madzi kumtsinje wa Kafue ndi ndowa. Iwo, mwa manyazi awo, sanafunse. Anayamba adikira za uchembere, kenaka kudikira kuti ndichire chimfine ichi, kenaka chotsatira. Ine ndinkawametabe mwezi ndi mwezi, mwaulesi, koma mbali yanga ndinkati, "Mwezi wa mawa, nili na mphepo." Ndinkaona ndithu posamba kuti zinthu zikuyoyoka, koma munthu amene akulephera kukweza mkono kuti apese mutu sadandaula kuti ntchito yamuchepera.

Mwana atayamba kuthamanga, Loweruka lina amuna anga anamupereka kwa anansi, n'kulowa ndi kambale akuimba mluzu. Anatseka chitseko. Anaika madzi. Anagwada, kaleza kali m'manja, lilime litatuluka kale. Kenaka mluzu unazima. Panali see, ngati chikhatho. Anandikweza mkono kuyang'ana kukhwapa, kuwiri konse. Anakhala pansi pasimenti.

"Amake mwana, anakugela ndani?"

Ndinaseka, poyesa nthabwala.

"Palibe. Inachoka chabe yeka."

"Tsitsi ili na mendo?"

 Ndinawaona akuphatikiza zinthu m'mutu mwawo, ngati mmene amalumikizira zitsulo. Mkazi sakundifuna. Mkazi amakhala wotopa nthawi zonse. Mkazi amachoka pakhomo kawirikawiri ati kukiliniki. Munda ndi wolimalima. Anatenga kambale n'kukaika pamwamba pa wadirobu, usiku umenewo n'kugona pampando wa pabalaza. Mawa lake anapita kukaitana alangizi aja ndi mlongo wawo wamkulu wa ku Shimabala, amene sanandikondepo chiyambire.

Anandikhazika pamphasa m'nyumba yanga yomwe. Amuna anga analephera kutchula mlanduwo, anangoti, "Napeza munda wolima," maso ali pansi. Alamu anga anaomba m'manja kamodzi, kuomba kwa munthu amene wakhala akudikira tsiku limeneli. Alangizi ananditengera kuchipinda. Anavala magalasi awo owerengera Baibulo, n'kuyendetsa chala mobwerera kufunafuna ziputu.

"Iyi si nchito ya kaleza," anatero mokweza, moti a pabalaza anamva.

"Ni mafuta ya ku saluni!" anakuwa alamu anga. "Aziba zonse za tsitsi uyo!"

Mkwiyo unandipatsa mphamvu zimene nshima inalephera kundipatsa. Ndinatuluka chitenje chili m'manja. "Imwe a mulamu, ine nikangiwa kunyamula baketi ya manzi. Mwamuna umozi anilemela. Awili ningawaike kuti?"

Chigamulo cha alangizi chinali chanzeru mwa njira yake. Anati chometa chimamera. Kambale ndi kaleza atenga iwo. Adzabwera kudzaona pa tsiku limene sadzanena. Likamera, ndiye kuti panali wometa, ndipo ndibwerera kwa makolo anga. Likapanda kumera, tidzaona. Motero ndinakhala mkazi yekhayo m'Zambia muno amene ankagwada kupempha Mulungu kuti tsitsi lake lisamere. Ndimaseka lero, koma masiku amenewo ndinkalira. Ndinkalira chifukwa munthu amene anandigwira phazi ndili pafupi kufa anakhulupirira kaleza kuposa ine.

Alangizi anabwera kangapo, mosayembekezeka, ngati anthu oyendera ukhondo wa m'misika. Ulendo womaliza anavula magalasi n'kukhala pabedi. Anandigwira dzanja, n'kulipeza lozizira dzuwa lili pamutu.

"Mwana wanga, iwe sunachimwe. Iwe udwala."

Posakhalitsa chifuwa china chinandigwetsa mpaka kukomoka, ndipo a kukiliniki anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Amuna anga anali pashifiti, choncho wondiperekeza anali alangizi omwewo. Dokotala anali mtsikana, woti ndikanamuluka tsitsi kusaluni n'kumamutchula kuti mwana wanga. Anafunsa chimene chikundivuta. Ndinayamba nyimbo yanga ya masiku onse: kutopa, kuzizidwa, chifuwa. Alangizi anadumphira ali pabenchi.

"Kamba za tsitsi, iwe! Ba dokota, uyu mwana alibe olo kamozi, ku khwapa na ku nsi. Napima neka na magalasi."

Ndinafuna kulowa pansi pa tebulo. Koma dokotala uja anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana mwatsopano. Anafunsa ngati ndinataya magazi ambiri pobereka. Anafunsa ngati mkaka unabwera. Anafunsa za kumwezi. Mafunso atatu, ndipo onse anagwera pabala. Ananditenga magazi, anandijambula mutu, ndipo titabwereranso anatifotokozera.

Anati pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nshawa, mtedza uja, kamene ndi kapitawo wa thupi lonse. Kamatumiza timadzi ta uthenga, totchedwa mahomoni, kumabere, kuchiberekero, kukhosi, ndi kutiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso. Tsiku limene magazi anga anakhuthuka, kapitawoyo anasowa chakudya, mbali yake yaikulu n'kufa. Kuyambira pamenepo panalibe wouza mkaka kuti ubwere, wouza thupi kuti lifunde, ngakhale wouza tsitsi kuti limere.

"Nanga kudwaladwala?" ndinafunsa. "Asilikali ba mu thupi anatha?"

Anati asilikali alipo, koma matenda akalowa, thupi la munthu limathira homoni ina yambiri kuti magazi aziyenda mwamphamvu ndipo shuga asagwe pamene nkhondo ili mkati. Langa silithira. N'chifukwa chake kachimfine kankandigwetsa ngati nkhwangwa. Anandilembera mapilisi omwa moyo wonse: ena m'mawa ndisanadye, ena m'mawa ndi masana, ena obwezera za chikazi. Za amodzi, otchedwa haidirokotizoni, anandichenjeza kawiri. Thupi likatentha, ndimwe owirikiza. Masiku abwino ndisaonjeze, chifukwa akachuluka amagonekanso asilikali omwewo. Ndipo ndikayamba kusanza moti mapilisi sakukhala m'mimba, ndisadikire mawa kapena madzulo, ndithamangire kuchipatala akandibaye nyeleti ya mankhwala omwewo, apo ayi ndikhoza kufa. Anandipatsa kakhadi koti ndiziyenda nako.

"Nanga tsitsi izabwela?" anafunsa alangizi.

"Kapena siizabwela, amayi."

"Manje amuna ake azalima chani?"

Dokotala anaseka mpaka kupukuta misozi.

Alangizi anafotokozera amuna anga zonse, ndi manja omwe, n'kuwabwezera kambale. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Oho." Basi. Anabwerera kuchipinda madzulo omwewo, anayamba kundigulira zipatso, anakonza chitseko cha saluni chimene chinakhala chothyoka chaka chonse. Koma mawu akuti pepa sanatuluke. Ndipo Loweruka la kumapeto kwa mwezi anabwera ndi kambale, n'kundipatsa kaleza kuti ndiwamete, ngati kuti palibe chinachitika.

"Awe," ndinatero. "Munanikhazika pa mphasa pa menso ya anthu. Alongo anu akali kukamba ku Shimabala. Vopepesa na maolenji sinivifuna."

Apa mwambo umene unandipachika ine unawatembenukira. Sakanadzimeta okha, ndi mlandu. Sakanapita kwina, ndi mlandu woposa. Anangokhala. Mwezi unatha, wina unatha. Ganizirani munthu wowotcherera zitsulo, m'ovolosi, m'chilimwe cha ku Kafue. Anayamba kuyenda mikono ili patali ndi thupi ngati wanyamula mavwende awiri osaoneka. Sindinawamvere chisoni.

Mapilisi anagwira ntchito. Ndinavula juzi. Ndinayamba kumva njala, zala zinayambanso kuthamanga pamitu ya anthu, ndipo anansi amene anandiika kale m'manda anayamba kufunsa kuti ndikudya chiyani. Koma pamene mphamvu zinkabwerera, maganizo ena anabwera nazo. Ndikudwala ndinkaopa kuthamangitsidwa. Nditachira ndinayamba kudzifunsa ngati ndikufuna kukhalabe ndi munthu amene pakamwa pake panatseguka pondineneza koma panatsekeka popepesa. Ndinafika poyang'ana kachipinda kakuseri kwa saluni n'kuyeza ndi maso ngati bedi langa ndi la mwana angakwanemo. Angakwanemo.

Mvula itayamba, matenda a m'mimba anayenda m'Nangongwe nyumba ndi nyumba. Anandipeza Lamlungu m'mawa. Thupi linatentha, ndinamwa owirikiza monga anandiuzira, n'kusanza. Ndinamwanso, n'kusanzanso. Pofika masana ndinkamva mawu a anthu ngati ali kutsidya, ndipo kuzizira kuja kwa tsiku lobereka kunayambanso kukwera kuchokera kumapazi. Ndinakuzindikira. Ndinangoti, "Atate ake mwana, nyeleti."

Anandibereka kumsana mpaka kumsewu, n'kuimitsa galimoto yoyamba kudutsa. Kuchipatala mabenchi anali odzaza, theka la tauni likusanza m'mapepala apulasitiki. Mnyamata wolembera odwala anatiuza kuti tikhale pamzere, ndipo sanalakwe, pakuti pamaso pake ndinali wosanza mmodzi mwa ambiri. Kakhadi kaja kanatsala kunyumba, m'chikwama chimene ndimapita nacho kusaluni. Amuna anga anandigoneka pabenchi n'kubwerera patebulo.

"Bwana, mukazi wanga afunika nyeleti ya haidiroliki."

Munthu wa kufakitale. Miyezi yonseyi ankayesa kuti ndikumwa mafuta a mashini.

"Ya chani?"

"Haidiroliki. Ba dokota ba ku Lusaka anakamba."

"Adwala matenda yabwanji?"

Dzina la matendawo sanalidziwe. Ine ndinkalidziwa, koma lilime linali litalemera. Ndinawaona ataima pakati pa chipinda, mikono ili patali ndi thupi, thukuta likutsika, akuyang'ana ine, akuyang'ana mzere, akuyang'ananso ine. Kenaka munthu amene sagula kabudula wake yekha anatsegula pakamwa, ndi mawu amene amakuwira anzake pakati pa phokoso la mashini.

"Mvelani imwe anthu! Mukazi wanga alibe tsitsi ku khwapa na ku nsi! Palibe anamugela! Ndine n'namunamizila, n'nalakwa ine! Anataya magazi pobala, mukaka siunabwele, kanshawa ka mu mutu kanafa! Amamwa mapilisi masiku yonse, lelo wasanza yonse! Azafa pa benchi apa!"

Chipinda chonse chinatembenukira kwa iwo. Ngakhale osanza analeka. Pamabenchipo panali makasitomala anga angapo, dikoni wa kutchalitchi kwathu, ndi mayi wogulitsa tomato amene nkhani ikamufika m'mawa, pofika masana imakhala ili ku Chirundu, kumalire a dziko. Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kudziletsa. Nsalu yotchinga inatseguka, namwino wina wachikulire n'kutuluka.

"Mwati anataya magazi pobala? Mapilisi amamwa ni haidirokotizoni?"

"Yamene iyo! Haidiroliki!"

Namwinoyo sanachedwe. Anandigwira pamkono, anandiyang'ana m'maso, n'kuitana anzake. Ndimakumbukira mawilo a bedi akulira pasimenti, kubaya kwa nyeleti, ndi thumba la madzi likulendewera pamene panalendewera la magazi tsiku lija. Kuzizira kunaima m'mawondo, kenaka kunayamba kutsika. Nditatha kuona bwino, ndinapeza amuna anga pampando, atandigwira phazi, nkhope ili yobisa m'chipewa.

"Munakamba pa anthu," ndinatero.

"N'nakamba."

"Na ba dikoni anamvela."

"Anamvela."

Nditatuluka m'chipatala ndinapeza kuti ndine wotchuka. Kusaluni kunadzaza akazi amene mitu yawo inali yolukidwa kale. Aliyense ankandisimbira zimene amuna anga ananena, ngati kuti ine kunalibe, ndipo aliyense ankaonjezapo zake. Wina anati anakwera patebulo. Wina anati anavula malaya kuonetsa khwapa lawo ngati umboni, zimene ndikukhulupirira kuti sanachite, chifukwa anthu akanathawa. Nkhani inafika ku Shimabala tsiku lomwelo. Alamu anga anatumiza thumba la chimanga chachiwisi popanda uthenga, ndipo ndinachidya popanda kuyankha. Amuna anga kuntchito anawapatsa dzina lakuti Haidiroliki, ndipo amavomera.

Loweruka lotsatira ndinapereka mwana kwa anansi. Ndinakwera pampando n'kutsitsa kambale pamwamba pa wadirobu. Kanali ndi fumbi. Ndinatseka chitseko, ndinaika madzi ofunda, n'kuwaitana. Nditaona ntchito imene inali kundidikira ndinazindikira kuti kaleza kokha sikangathe, choncho ndinathamangira kusaluni kukatenga sizasi ndi mashini. Anagona maso ali otseka mpaka kumaliza. Sindinawacheke.

Titamaliza anatenga kambale okha, anakatsuka ndi sopo, anakatsukanso ndi madzi otentha, n'kukapukuta. Ndinayesa akabwezera pamwamba pa wadirobu. M'mawa mwake, iwo atavala kale ovolosi, ndinadzuka n'kupeza kambale kaja pakampando ka pambali pa bedi. Munali mapilisi anga a m'mawa, ndipo pafupi pake panali kapu ya madzi.

"Imwe," ndinatero, "iyi mbale yaona vambili. Simungagule inangu?"

"Alangizi anatipasa imozi chabe," anayankha akumanga nsapato. "Iwe uli na munda wako. Naine nifunika wanga. Imwa."

Ndinamwa. Mwana uja tsopano ali kusukulu, tsitsi silinamerebe, ndipo m'mawa uliwonse kambale kamakhala pakampandopo ndisanatsegule maso.